Shawa Ikungodontha? Musanagule Pampu, Yambani Mwapeza Pamene Pali Vuto

Mwezi wa June ukalowa, nkhani ya madzi otentha imakhala ya banja lonse. Ku Dedza, ku Mzuzu, ku Zomba, ngakhale ku Blantyre chiperoni chikatsika, palibe mwana amene angalole kusamba madzi ozizira 5 koloko m'mawa. Ndiye mupeza nyumba ili ndi giza, ili ndi shawa yooneka bwino, mayuniti a magetsi akutha, koma mukatsegula madzi otentha akungotuluka ngati misozi. Mapeto ake mayi akutereka madzi pambaula, ana akuchedwa kusukulu, bambo akudandaula kuti ndalama yogulira giza inangolowa m'madzi.

Zikatere ambiri amathamangira kukagula pampu. Pampu imathandiza ndithu, koma osati pa vuto lililonse. Pali nyumba zimene vuto lake ndi kasefa kodzaza mchenga, kamene mungatsuke nokha ndi mswachi wakale. Pali zina zimene pampu ikhoza kuphulitsa mapaipi okalamba kapena kuononga giza. Sabata ino tiyeni tiyende limodzi kuyambira ku bafa mpaka ku thanki, tione mmene mungadziwire pamene madzi akutsamwa, zimene mungakonze nokha, ndi zimene muyenera kusiyira pulambala.

Yambani ndi ndowa ndi foni

Mawu oti "madzi ndi ofooka" sathandiza kwenikweni, chifukwa kufooka kwa wina ndi mphamvu kwa mnzake. Tengani ndowa ya malita 10, muitchere pansi pa shawa, mutsegule madzi otentha okha mpaka kumapeto, ndipo muwerenge nthawi pa foni. Mukatero khuthulani, muyesenso ndi ozizira okha. Chitani chimodzimodzi pa sinki ya m'bafa ndi ya kukhitchini, manambala onse muzilemba papepala.

Ndowa ikadzaza pa mphindi imodzi, ndiye kuti mukulandira malita 10 pa mphindi, ndipo shawa yotere munthu amasamba bwinobwino. Ikatenga mphindi zoposa ziwiri, madzi akuchepadi. Tsopano yerekezani manambala aja. Ngati otentha ndi ozizira omwe ali ofooka nyumba yonse, vuto lili kumene madzi akuchokera: ku mita, ku thanki kapena ku pampu. Ngati mipopi ina yonse ili bwino koma shawa yokha ndiyo ikuvuta, musakwere kudenga, vuto lili m'bafa momwemo. Ngati ozizira ali ndi mphamvu paliponse koma otentha ali ofooka paliponse, maso anu akhale pa giza ndi mapaipi ake.

Yesani kawiri, m'mawa 6 koloko ndi usiku cha m'ma 10 koloko. Madzi amene amafooka m'mawa wokhawokha n'kubwerera usiku akukuuzani kuti mapaipi anu alibe mlandu. Ndi nthawi imene dera lonse likutunga, ndipo nyumba za kumtunda ndi zimene zimayamba kumva kuwawa.

Presha imachokera pa kutalika, osati pa kukula kwa thanki

Madzi akakhala pamwamba amakankha amene ali pansi, ndipo kukankha kumeneku ndi kumene timati presha. Mamita 10 alionse a kutalika amapereka presha ya pafupifupi 1 bar. Anthu a ku Blantyre amaidziwa bwino nkhani ya kutalikayi: madzi ambiri a mumzindawu amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ulendo wa makilomita pafupifupi 40, kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Magetsi akavuta kumapampu kumeneko, mipopi ya m'tauni imamva. N'chifukwa chake mabanja ambiri m'mizinda mwathu anaimika mathanki.

Koma thanki ili ndi masamu ake. Tiyerekeze kuti nsanja yanu ndi ya mamita 4, ndipo thanki ikadzaza madzi amakwera mita imodzi ndi theka pamwamba pa nsanjayo. Zonse pamodzi ndi mamita 5.5. Mutu wa shawa uli mamita 2 kuchokera pansi, ndiye otsala ndi mamita 3.5, kutanthauza 0.35 bar basi. Madzi akatsala pang'ono kutha m'thanki, mumatsala ndi 0.2 bar. Pomwe ma mikisa ambiri amakono ndi mitu ikuluikulu ya shawa, ija imagwetsa madzi ngati mvula, inapangidwa kuti izigwira ntchito ndi presha ya 1 bar kapena kuposa.

Apa pali zinthu ziwiri zoti muzikumbukira. Choyamba, kugula thanki ya malita 5,000 m'malo mwa ya 1,000 kukupatsani madzi a masiku ambiri, koma presha isintha pang'ono zedi ngati nsanja ili yomweyo. Chachiwiri, mutu wa shawa wawung'ono, wopangidwira presha yochepa, umatha kusambitsa bwino kuposa waukulu wodula. Pogula muziwerenga pa katoni, amalemba presha imene chinthucho chimafuna. Wogulitsa akati "zonse n'chimodzimodzi bwana," inu werenganibe.

Shawa yokha ikavuta

Masulani mutu wa shawa, mutsegule madzi paipi ili pululu. Akatuluka mwamphamvu, wolakwa mwamupeza. Timabowo ta mutu wa shawa timatsekeka ndi zinthu ziwiri. China ndi mchenga ndi matope, zimene zimabwera makamaka madzi akangobwerera atasiya, kapena paipi ya mumsewu ikangokonzedwa. China ndi zoyera zolimba ngati laimu, zija mumazionanso pansi pa ketulo. Zimenezi zimachokera ku mchere wa m'nthaka umene umasungunuka m'madzi, makamaka a pa mjigo ndi a m'chitsime, ndipo zimaundana msanga madzi akamatenthedwa. Ichi ndi chifukwa chake mbali ya madzi otentha ndi imene imayamba kutsekeka.

Mankhwala ake ali kukhitchini. Viikani mutu wa shawa mu viniga woyera kwa maola angapo, kenaka muukweche ndi mswachi wakale n'kuutsukuluza. Ngati sukumasuka, thirani viniga m'jumbo, muimangirire kumutuko ndi lasitiki kuti timabowo timire. Chenjezo lake ndi ili: viniga musamusakanize ndi Jik kapena mankhwala ena a klorini. Zikakumana zimatulutsa mpweya wopweteka m'mapapo, ndipo bafa ndi kachipinda kopanikizika.

Pamene mutu umalumikizana ndi paipi nthawi zambiri pamakhala kasefa kakang'ono ka waya. Katulutseni, mukatsuke, mukabwezere pamodzi ndi labala yake. Ngati shawa yanu ndi yogwira pamanja, onaninso paipi yopindika ija. Kunja imaoneka yachitsulo chonyezimira, koma m'kati muli labala imene imatha kupotoka kapena kufwamphuka n'kutseka njira. Ndi yotsika mtengo, ingosinthani.

Zonsezi zikakhala bwino koma otentha akadali ofooka pa shawa pokha, vuto lili mu mikisa, chotsegulira chija chimasakaniza otentha ndi ozizira. Ma mikisa ena ali ndi tisefa polowera madzi, ndipo m'kati muli katiriji imene imadzaza laimu. Kuitsegula kumafuna kutseka kaye madzi a nyumba yonse. Ngati simunagwirepo sipanala, apa ndi poitanira pulambala, koma mudzamuuze zimene mwayesa kale kuti asayambe kugumula matailosi.

Otentha akafooka nyumba yonse

Musanakhudze chilichonse pa giza, zimitsani magetsi ake pa bureka. Madzi ndi magetsi sizigwirizana, ndipo kudenga kumene magiza ambiri amakhala n'kwamdima, mawaya ali paliponse. Mukakwera muziponda pa matabwa, osati pa siling'i.

Choyamba kuona ndi valavu imene ili pa paipi yolowetsa madzi ozizira m'giza. Zimachitika kuti wina anaitseka pokonza zinthu, potsegula n'kuisiya pakati. Ya chogwirira chachitali imakhala yotsegula chogwiriracho chikayang'ana kumene paipi ikupita. Yozungulira ngati chiwongolero imatha kuthyoka m'kati, inu n'kumapotokola koma chitseko chake chili chigwere. Ikamazungulira osafika pothera, yatha, ifunika ina.

Chachiwiri ndi valavu yochepetsa presha, imene imakhala pa magiza olandira madzi amphamvu. Pa giza pamalembedwa presha imene ingapirire, mwachitsanzo 400 kPa kapena 600 kPa, kutanthauza 4 bar kapena 6 bar, ndipo valavu yake iyenera kugwirizana ndi nambala imeneyo. M'kati mwake muli sefa imene imagwira mchenga. Ikadzaza, madzi olowa m'giza amachepa, ndipo otuluka sangapose olowa. Chizindikiro chake n'chakuti mukangotsegula mpopi madzi amabwera mwamphamvu kwa masekondi ochepa, kenaka n'kufooka.

Chachitatu ndi mpweya. Madzi akasiya kapena thanki ikauma, mpweya umalowa m'mapaipi n'kukhala pamalo okwera. Presha ikakhala yochepa, madzi amalephera kuukankha. Mpopi umatsokomola, kulavula, kenaka zii. Tsegulani mipopi yonse ya madzi otentha kwa mphindi zingapo kuti mpweya upeze potulukira. M'nyumba zimene otentha amachokera ku thanki koma mpopi wozizira wa kukhitchini uli pa paipi ya Water Board, mapulambala amalumikiza mipopi iwiriyi ndi kapaipi ka labala, kutsegula wotentha kenaka wozizira kwa kanthawi kochepa, kuti madzi amphamvu akankhire mpweya kubwerera ku thanki. Mpweya ukamabwerabwera, ndiye kuti paipi ina inayalidwa mokwera n'kutsikanso, ndipo iyenera kuwongoledwa.

Pa nkhani ya mpweyayi pali lamulo limodzi lopulumutsa ndalama: madzi akasiya, zimitsani giza. Elementi imapsa m'kanthawi kochepa ikayaka ili pouma. Madzi akabwera, tsegulani mpopi wotentha mpaka atuluke mosadukiza, ndipo pamenepo mpamene mungayatse.

Chachinayi ndi mapaipi enieniwo. Nyumba zambiri zakale zili ndi mapaipi achitsulo, aja amati GI. Kunja amaoneka olimba, koma m'kati dzimbiri limamera mpaka njira imene inali ngati chala kutsala ngati kaudzu. Madzi ofiirira m'mawa ndiye umboni wake. Amenewa sachapika, ndipo pampu siwathandiza, imangofulumizitsa kudontha. Ofunika kusintha, ndipo posintha onetsetsani kuti ku madzi otentha akuika mapaipi opirira kutentha monga a kopa kapena a PPR. PVC wamba amafewa ndi madzi otentha. Komanso paipi yochoka ku thanki ikhale yokulirapo, ya mamilimita 22 kapena kuposa, osati ya 15 njira yonse, ndipo makona akhale ochepa, chifukwa kona iliyonse imadya presha.

Pali vuto lina limene limasokoneza ambiri. Madzi ozizira akuchokera ku Water Board ndi presha ya 3 bar, otentha akuchokera ku thanki ndi 0.3 bar, onse akukumana mu mikisa imodzi. Wamphamvu amagonjetsa wofooka. Mukangokhudza ozizira pang'ono, otentha amathawa, nthawi zina ozizira amabwerera m'paipi ya otentha mpaka ku giza. Mumangovina m'bafa, uku kukuwotcha, uku kukuzizira. Kukonza kwake n'kuonetsetsa kuti otentha ndi ozizira a m'bafa akuchokera pa gwero limodzi ndi presha yofanana.

Chomaliza pa giza: kapaipi kamene kamadontha panja. Madzi akamatentha amafufuma, ndiye kudontha pang'ono giza ikamatenthetsa si vuto. Akamatuluka osalekeza, valavu yaonongeka kapena themositati yasiya kuzimitsa. Zivute zitani, kapaipi kameneka musakatseke ndi chitsotso kapena pulagi poganiza kuti musunga presha. Ndi potulukira ngozi. Giza yotsekedwa, themositati itafa, imaphulika.

Giza ya sola ndi shawa yotenthetsa pompopompo

Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, mabanja ambiri anaika magiza a sola, aja a machubu agalasi padenga. Ambiri mwa otsika mtengo sapirira presha. Ali ndi kapaipi kopumira pamwamba, ndipo madzi amatsika okha ndi kulemera kwawo. Mukaika pampu yokankhira madzi m'giza yotere, amangosefukira padenga kapena kutulutsa malabala a machubu. Ngati pampu ikufunika, imaikidwa pa paipi yotuluka, ndipo iyenera kukhala yopangidwira madzi otentha, chifukwa sola masana a October imatha kufikitsa madzi pafupi n'kuwira.

Shawa zamagetsi zotenthetsa pompopompo nazo zili ndi khalidwe lake. Zimatenthetsa madzi akamadutsa, ndiye madzi akamathamanga amatuluka ofunda chabe, akamayenda pang'onopang'ono amatentha kwambiri. M'nyengo yozizira zimaoneka ngati zafooka chifukwa madzi olowa ndi ozizira kwambiri, ndipo mumakakamizika kuchepetsa mpopi. Presha ikachepa mopitirira, switchi ya m'kati siyatsa n'komwe. Shawa imeneyi imafuna waya wake wokula, bureka yake ndi waya wa ethi. Mukamva kunyerenyetsa pogwira mpopi, zimitsani nthawi yomweyo, ndipo wina asasambemo mpaka wamagetsi wodziwa ntchito ataona.

Pampu ilipo koma ikuvuta

Pampu imalankhula, chofunika n'kuimvetsera.

Ikakhala chete osayaka konse, yambani ndi zapafupi: magetsi alipo, bureka sinagwe, pulagi sinapse? Mapampu ambiri ali ndi kabokosi pamwamba kamene kamaizimitsa yokha madzi akatha m'thanki, n'kuyatsa nyali yofiira. Thanki ikadzaza, dinani batani lobwezeretsa. Bureka ikamagwa nthawi zonse mukayatsa, musaikakamize, madzi akhoza kukhala atalowa mu mota.

Ikamang'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga isanapse. Kawirikawiri ndi kapasita imene yafa, kapena kagudumu ka m'kati kagwidwa ndi dzimbiri pampu itakhalitsa osagwira ntchito. Kapasita ndi kanthu kotsika mtengo poyerekeza ndi pampu yonse, choncho wina akakuuzani kuti mugule yatsopano, funsani kaye ngati waiyeza. Koma kusintha kwake kusiyireni wamagetsi, chifukwa imasunga moto ngakhale mutazimitsa.

Ikamalira bwinobwino koma madzi osabwera, m'kati mwalowa mpweya. Pampu yamadzi siitha kukoka mpweya. Pamwamba pake pali kabawuti kothirira madzi: zimitsani, masulani, dzazani madzi mpaka asefukire, mangani, yatsani. Onaninso sefa ya pa paipi yolowera ndi valavu ya pansi pa thanki. Musaisiye ikulira pouma, chifukwa madzi omwewo ndi amene amaziziritsa silo ya pa shafuti. Silo ikapsa, pampu imayamba kudontha pansi.

Ikamayaka n'kuzima yokha usiku, aliyense ali mtulo, penapake pakudontha. Wokayikiridwa woyamba ndi thanki ya chimbudzi imene imataya madzi mwakachetechete. Thirani kadontho ka utoto wa zakudya m'thankimo, mudikire mphindi 15 osagujumula. Utoto ukaoneka m'mbale, labala yatha. Ngati si chimbudzi, tsekani valavu yotulukira pa pampu. Ikasiya kuyakayaka, kudontha kuli m'nyumba kapena pansi pa nthaka. Ikapitiriza, valavu yoletsa madzi kubwerera ndi imene yatopa. Pampu ya kathanki kozungulira ikamayaka n'kuzima pafupipafupi mpopi uli wotsegula, mpweya wa m'kathankiko watha kapena labala yake yabooka.

Ikamasokosa ngati muli miyala, ikusowa madzi okwanira polowera. Paipi yolowera ndi yaing'ono, sefa yatsekeka, kapena madzi ndi otentha mopitirira. Timathovu timapangika m'kati n'kumaphulika pa kagudumu, ndipo pakapita nthawi timakadya. Phokoso limeneli si lozolowera.

Ndipo pampu izikoka madzi m'thanki, osati mwachindunji pa paipi ya mumsewu. Mukailumikiza ku mita, mumalanda madzi a anansi anu, pampu imalira pouma madzi akasiya, komanso kukoka kwake kumatha kuyamwa madzi akuda a m'nthaka kudzera m'ming'alu ya paipi. Madzi amenewo ndi omwe ana anu adzamwe.

Kwa abale a ku UK ndi ku South Africa

Owerenga athu a ku Britain, musanagule pampu dziwani mtundu wa nyumba yanu. Ngati muli ndi combi boiler, ija yotenthetsa madzi pompopompo popanda thanki, pampu ya shawa siikidwa. Otentha akafooka, kawirikawiri ndi laimu m'kati mwa boiler, makamaka ku London ndi madera ozungulira kumene madzi ali ndi laimu wambiri. Zimenezo amakonza ndi munthu wolembetsedwa ku Gas Safe yekha. Ngati muli ndi silinda yolandira madzi mwachindunji kuchokera mumsewu, nayonso siifuna pampu ya shawa. Pampu imayenera nyumba zija zili ndi thanki yozizira kudenga ndi silinda m'kabati. Malamulo a kumeneko a 1999 salola kuika pampu yokoka malita oposa 12 pa mphindi pa paipi ya mumsewu popanda chilolezo cha kampani ya madzi.

Mapampu a shawa a kumeneko alipo a mitundu iwiri. Ya positive head imadikira kuti madzi ayambe okha kuyenda pang'ono, ndipo ikamva kuyendako imayaka. Mutu wa shawa ukatsekeka ndi laimu, madzi oyambitsa aja amachepa ndipo pampu imangokhala duu. Yesani izi: tsegulani shawa, mutsitse mutu wake pansi m'bafa. Pampu ikayaka, ndiye kuti ili moyo, ikungosowa madzi oyambira. Tsukani mutu ndi tisefa ta pa mapaipi olowera. Ngati shawa ili pamwamba kufanana ndi thanki kapena kuposa, pamafunika ya negative head. Ndipo ngati mukuchita lendi ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limati kukonza zotenthetsera madzi ndi udindo wa mwini nyumba. Mulembereni, musalipire nokha.

Ku South Africa magiza ambiri ndi a presha yamphamvu, ndipo kaikidwe kake kamatsata muyezo wa SANS 10254, umene umafuna zinthu monga thireyi yolandira madzi pansi pa giza ndi mavalavu otetezera. Otentha akafooka kumeneko, makamaka madzi akangobwerera atasiya, yambani mwakayikira sefa ya valavu yochepetsa presha.

Walira mvula walira matope

Tinene kuti mwafufuza zonse ndipo pampu ikufunikadi. Dziwani kuti ikubwera ndi bilu yake. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayuniti pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3 kW imatenga maola awiri ndi mphindi 20. Posamba m'nyengo yozizira, pafupifupi theka la madzi otuluka pa shawa ndi ochokera m'giza. Shawa ya malita 6 pa mphindi ikasanduka ya malita 12, madzi otentha amene ankakwanira anthu anayi akhoza kuthera pa awiri. Bilu ya madzi nayo imakwera, ndipo magetsi akazima pampu imagona. Uzani pulambala aike paipi yolambalala pampu, yokhala ndi valavu yake, kuti magetsi akathima madzi azibwerabe okha kuchokera ku thanki.

Ena otentha akamatha msanga amakweza themositati mpaka kumapeto. Musatero. Madigiri 60 ndi okwanira. Kupitirira apo laimu amachuluka, pampu imavutika, magetsi amatha. Kutsitsa kwambiri nakonso si nzeru, chifukwa tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45. Komabe madzi a madigiri 60 amawotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa. Posambitsa ana ndi agogo, yambani kutsegula ozizira, onjezerani otentha, ndipo muyese ndi chigongono musanamuike munthu. Presha ikangosintha m'nyumba, masiku oyamba mwana asatsegule shawa yekha, chifukwa pamene anazolowera kuika chotsegulira sipakhalanso pomwepo.

Poitana pulambala

Safunsa anadya phula. Pulambala akabwera, muonetseni pepala la manambala anu a ndowa, ndipo mumufunse mafunso awa: vuto lili pati ndipo mwadziwa bwanji? Giza yathu imapirira presha yochuluka bwanji, nanga pampu imene mukunenayi imafika pati? Ikankha otentha ndi ozizira mofanana? Ili ndi chozimitsa madzi akatha? Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso otere. Amene akuti "tingoika pampu basi" asanatsegule ngakhale mpopi umodzi, muthokozeni, muyang'ane wina. Zipangizo zimene zachotsedwa muzione ndi maso anu, malisiti musunge, ndipo ntchito ikatha muyesenso ndi ndowa yomwe ija iye ali pomwepo.

Ngati nyumba ndi ya lendi, kutsuka mutu wa shawa mungachite nokha, koma za giza, mapaipi ndi pampu kambiranani kaye ndi a landilodi, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp. Mikangano yambiri ya dipoziti imayambira pa zinthu zimene wina anakonza mwa mtima wabwino koma osauza mwini wake.

Loweruka likubwerali, pezani ndowa, viniga ndi mswachi wakale, muyambe ndi mutu wa shawa. Mukapeza kuti vuto lili patsogolo, mudzakhala mukudziwa choti muuze pulambala. Sabata yamawa tidzakambirana za katsukidwe ka thanki ya madzi, ndi chifukwa chake chivundikiro chake sichiyenera kukhala chotsegula.